Kutsindika Mawu Si Kukuwa Ayi

Titaika atsibweni anga kumanda a Chingwere, m'mawa mwake tinakhala pansi pa tenti kunyumba ya maliro ku Matero kuti tikambe za katundu wa malemu. Akumudzi anali atabwera ndi basi kuchokera ku Katete, maso ali psuu ndi tulo. Zovala zinagawidwa bwinobwino, ziwiya chimodzimodzi. Koma mphekesera inali itazungulira kale yoti puloti imene malemu anagula ku Kanyama, mwana wawo wachisamba, msuweni wanga, waidya. Mnyamatayu anabadwira mu Lusaka momwemuno, sukulu yonse anaphunzira m'Chingerezi, ndipo Chinyanja chake ndi cha m'tauni, chosakhumudwa pakamwa. Azakhali ake, amene ndi mayi anga aang'ono, anamufunsa mosapita m'mbali: "Mwanawe, puloti ya atate ako ili pati?"

Iye anayankha kuti, "Azakhali, sininaGULISE ploti." Liwu lapakatilo analimenya ngati akukhoma msomali, mawu n'kukwera, kenaka n'kugwera pansi pa "ploti". Akulu anayang'anana. Agogo ena a ku Chadiza anapukusa mutu nati mwanayu akutikalipira. Ena anati basi wakana, tisamusenzetse mlandu mwana wamasiye, nkhani ithere pomwepa. Inatheradi pomwepo. Patapita masabata awiri kunatulukira munthu wa kaloba, wokongoza ndalama pa chiwongoladzanja chachikulu, ndi mapepala m'manja: puloti ija inali pa chikole cha ngongole. Banja lonse linagwirizana kuti mnyamatayu ndi wabodza, wanama pamaso pa akulu dothi la pamanda a atate ake lisanaume.

Usiku umenewo anandiimbira foni akulira. "Ba cousin, nanga si ninakamba? Ninati sininagulise." Ndinakhala chete kanthawi, kenaka ndinamva chimene ankatanthauza. M'makutu mwake, makutu oleredwa ndi Chingerezi, iye anali ataulula theka la mlandu pa tenti paja ndipo ankadikira kuti wina amufunse theka linalo. Kupinyolitsa puloti ya atate ake sindikumuikira kumbuyo, analakwa. Koma bodza limene anamunenera silinali bodza. Analankhula mawu a Chinyanja ndi kutsindika kwa Chingerezi, ndipo akulu anamva phokoso pamene iye anaika tanthauzo.

M'Chingerezi chiganizo chimodzi, mawu ake osasintha ngakhale limodzi, chimasenza matanthauzo angapo malinga ndi pamene wolankhula wakanikiza. Tengani "I did not sell the plot". Akakanikiza pa "I", wogulitsa alipo koma si iye. Akakanikiza pa "sell", chilipo chimene anachita nayo pulotiyo, kungoti si kugulitsa. Akakanikiza pa "plot", chilipo china chimene chinapita. Liwu lokanikizidwalo limakwera, limatalikako, limamveka kuposa anzake, ndipo mawu otsatira amazilala. Mngerezi samva mkwiyo pamenepo. Ife zitatuzi timazinena ndi ziganizo zitatu zosiyana: "Si ine ndinagulitsa pulotiyo." "Kugulitsa sindinagulitse." "Puloti ayi, ndinagulitsa mabuloko okha." Msuweni wanga akanangoti, "Azakhali, kugulitsa sindinagulitse," modekha, manja ali pamaondo, tenti yonse ikanati zii kudikira "koma" wake, chifukwa Mchewa aliyense amadziwa kuti mneni akabwerezedwa choncho, pambuyo pake pakubwera "koma". Azakhali akanafunsa pomwepo kuti, "Nanga unatani nayo?" ndipo banja likanadziwa za ngongoleyo kaloba asanabereke ana.

Chimene chimatiletsa kumenya liwu mwachisawawa n'chakuti kukwera ndi kutsika kwa mawu kwathu kuno kuli kale ndi ntchito yake. Mtengo wa mango wa pabwalo ndi mtengo wa shuga wa mugolosale timazilemba chimodzimodzi, koma pakamwa n'zosiyana: wa mango umakwera pa "te", wa shuga umayenda pansi mpaka kumapeto. Khungu la thupi limakwera poyamba, khungu la wosaona limakwera pothera. Mukati "sabata yatha" mawu ali pansi pa "ya", mukunena kuti sabata yafika kumapeto. Mukakweza pa "ya", mukunena za sabata yapitayo. Pa aneni ndiye pali ntchito yaikulu zedi. Mayi wa ku Katete wochita malonda pa msika wa Soweto akati "ndimagulitsa tomato", mawu atakwera pa "ndi" komanso pa "li", akunena ntchito yake ya masiku onse. Akakweza pa "gu" pokha, akunena zimene zapita: anali kugulitsa pamene mvula inayamba. Tsono munthu wofuna kutsindika mwa Chingerezi akamenya pa "gu", wasuntha nthawi ya mneni iye osadziwa. Ngakhale "sindinagulitse" weniweniyo ali pawiri. Mawu akayambira pamwamba pa "si", ndiye kuti kugulitsako sikunachitike. Akayambira pansi n'kukakwera pa "li" pokha, ndiye kuti kugulitsako sikunachitikebe koma kuli m'njira. Agogo amene sanapondepo m'kalasi salakwitsa pamenepa ngakhale tsiku limodzi.

Nanga poti kukwera kwa mawu kunatengedwa kale, timatsindika ndi chiyani? Tili ndi zida zochuluka kuposa zimene timaziona, chifukwa timazigwiritsa ntchito osaganiza. Choyamba ndi kaliwu kakuti "ndi", kamene kamaloza chala: "ndine", "ndiwe", "ndi iyeyo amene anatsegula khola". Mnzake ndi "si", amene amachotsa chalacho. Palinso mlowam'malo: "sindidya" ndi chiganizo chathunthu, mwini wake ali kale m'kati, choncho ukawonjeza "ine" n'kuti "ine sindidya", wadzipatula kwa ena amene amadya. Timasunthanso mawu, chimene tikufuna kukamba n'kuchiika patsogolo: "Nkhumba sindidya, koma mbuzi bweretsani." Ndiye pali timawu tomata kumapeto, tating'ono koma tolemera. "Ndakuuza" ndi nkhani chabe. "Ndakuuzatu" ndi chenjezo, ukadzagwa usadzandinene. "Wabwera" ndi uthenga. "Wabweradi" akutseka pakamwa amene ankakayika. Timabwereza mawu: munthu weniweni, mwamunamuna, msangamsanga, lero lomwelino. Timatalikitsa mneni m'kati mwake: kumva n'kwina, kumvetsetsa n'kwina, kuyang'ana n'kwina, kuyang'anitsitsa n'kwina, mwana wokwera njinga timamuuza kuti agwiritsitse.

Ndinaziona zidazi zikugwira ntchito m'minibasi yochoka pa Kulima Tower kupita ku Chawama. Kondakitala anatembenuka nati, "Ba mami, simunalipile." Mayi uja, dengu la repu lili pamiyendo, sanakweze mawu. Anangoti, "Iwe, ni iwe unatenga ndalama yanga, pamene tinali tikalibe kunyamuka." Kondakitala anapitiriza kukana. Pamenepo mdala wina wa pampando wakumbuyo, chipewa chili m'manja, anati, "Anakupatsadi, ndaona ndi maso angawa." Kondakitala anawerenganso ndalama za pakati pa zala zake, natembenukira kutsogolo. Kamene kanathetsa mlandu ndi ka "di" kaja ndi ka "wa" ka kumapeto kwa "angawa". Palibe anakuwa.

Sindikunena kuti liwu lathu silisuntha tikamatsindika. Limasuntha ndithu, koma m'njira zake. Timakoka. Agogo anga akamaloza kumene kunali mudzi wakale ankati "ukooo", mawu akunka nakwera n'kumaonda, ndipo kutalika kwa "ooo" ndiye kunali makilomita ake. "Kale" ndi chaka chatha, "kalekaaale" ndi nthawi ya msonkho wa atsamunda. Izi zimatheka chifukwa m'Chichewa kukoka lembo la liwu sikusintha liwulo kukhala lina. Malowo ndi opanda mwini, choncho timawagwiritsa ntchito potsindika. Tilinso ndi mvekero, umene kawirikawiri umatuluka pamwamba kapena pansi kusiyana ndi chiganizo chonse: nsalu yoyera mbee, usiku wakuda bii, mudzi uli zii, mwana wagona phee. Ndipo nkhani ikakhala yolemera kwenikweni, munthu wamkulu kwathu amatsitsa mawu n'kuchepetsa liwiro. Pabwalo la mfumu, nyakwawa ikafika pamtima pa mlandu imalankhula pang'onopang'ono moti akumbuyo amachita kusendera. N'chifukwa chake agogo a ku Chadiza aja anamva mwano. Kwa iwo wokweza mawu pamaso pa akulu ndi amene mfundo zamuthera.

Ophunzira za zilankhulo anaifufuzapo nkhaniyi, ndipo sanagwirizane msanga. Onse amavomereza kuti Mchewa akafika pothera chiganizo kapena popumira, amakoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto: timalemba "nyumba" koma pothera timati "nyuumba". Mu 1990 Jonni Kanerva, atafufuza Chichewa cha ku Nkhotakota, analemba kuti wolankhula amaika kampumulo pambuyo pa liwu limene akulitsindika. Chitsanzo chake chinali "anamenya nyumba ndi mwala": akafunsidwa kuti anamenya chiyani, amadula pa "nyuumba" asanafike pa mwala. Patapita zaka, Laura Downing, amene wagwira ntchito nthawi yaitali ndi Pulofesa Al Mtenje wa ku Yunivesite ya Malawi, anajambula mawu a anthu angapo, ndipo zotsatira zimene anasindikiza mu 2013 pamodzi ndi Bernd Pompino-Marschall zinasonyeza kuti si lamulo. Ambiri amayankha funso lotere osasintha kamvekedwe ka chiganizo. Kukweza liwu limodzi ndi chinthu chimene munthu angachite akafuna, osati chimene chilankhulo chimamukakamiza. Kwa Mngerezi kukanikiza liwu lolakwika poyankha funso ndi kulakwitsa chilankhulo. Kwa ife womvera sadikira tanthauzo pamenepo, amalidikira m'kasanjidwe ka mawu.

Ubwino wokhala mu Lusaka ndi woti zonsezi sungachite kukazifuna m'mabuku. Zilankhulo zisanu ndi ziwiri zimene zimamveka pa wailesi ya boma ya ZNBC Radio 1, Chinyanja, Chibemba, Chitonga, Chilozi, Chilunda, Chiluvale ndi Chikaonde, zonse zili pamzere umodzi wotungira madzi. Mvetserani anansi athu Abemba. Iwo kukoka lembo la liwu sangakuseweretse ngati ife, chifukwa "ukupepa" ndi kupemphera pamene "ukupeepa" ndi kusuta. Wokoka mosasamala asandutsa tchalitchi kukhala malo a fodya. Koma ali ndi chida chimene ife tilibe, ka "la" kolowa m'kati mwa mneni. Mneni akakhala yekha kapena akakhala ndiye mwini nkhani, amati "mulapeepa?" Nkhani ikakhala pa chinthu chosutidwacho, ka "la" kamachoka: "tupeepa fwaka". Akakabwezeretsa chinthucho chilipo, monga "balalya insoka", akutanthauza kuti njokazo amadyadi, si nthabwala. Ntchito imene ife timapatsa "di" kumapeto, iwo anaipatsa "la" pakati. Atumbuka a ku Lundazi nawo ali ndi njira yawo: mawu awo sasiyanitsidwa ndi kukwera kapena kutsika monga mtengo wathu uja, liwu limangokwera pa phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto.

Achinyamata amene akuphunzira Chitchaina ku Confucius Institute ya pa Yunivesite ya Zambia akudziwa vuto la msuweni wanga mwa mtundu wina. M'Chimandarini, Chitchaina chimene amaphunziracho, muli kamvekedwe kanayi, ndipo liwu lakuti "mai" likatsika n'kukweranso ndi kugula, likagwa kuchokera pamwamba ndi kugulitsa. Wotsindika mwa Chingerezi, amene mwachibadwa amagwetsa liwu kuchokera pamwamba, akhoza kugulitsa pamene amafuna kugula. Eni ake amatsindika osaphwanya kamvekedwe: chokwera amachikweza kwambiri, chotsika amachitsitsa kwambiri, mawonekedwe ake osasintha, kenaka mawu otsatira amawapanikiza kuti asamveke kwambiri. Madalaivala a matiraki ochokera ku Dar es Salaam kudzera pa Nakonde amalankhula Chiswahili, chimene chinataya kamvekedwe kosiyanitsa mawu n'kutsala ndi kukanikiza phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto, koma poloza chala amati "ndiye", ngati ife tomwe. Anzathu a ku Congo akalowa m'Chifalansa sakonda kumenya liwu lapakati. Amamanga chiganizo china, "c'est moi qui", chimene ndi "ndine amene" wathu ndendende. Awolof a ku Senegal anapita patali kuposa tonse, chifukwa kutsindika anakulowetsa m'kasinthidwe ka mneni: "maa lekk" ndi "ndine ndadya", "dama lekk" ndi "kudya ndiko ndachita", "ceeb laa lekk" ndi "mpunga ndiwo ndadya". Ndikuzitchula izi chifukwa ambirife tinakula tikuganiza kuti njira ya Chingerezi ndiyo ya anthu onse, yathuyi ndi yoperewera. Ndi njira imodzi chabe mwa zambiri, ndipo ngakhale ku Ulaya si onse amaitsata.

Wina anena kuti: nanga chilankhulo sichisintha? Chinyanja cha mu Lusaka si Chichewa cha ku Mkaika kwa Gawa Undi, chinatenga za Chinsenga, za Chibemba, za Chingerezi, ndipo ana obadwira ku Kalingalinga ndi ku Mtendere akamenya liwu anzawo amamva. Zoonadi, ndipo ine sindili m'gulu la onyoza Chinyanja cha m'tauni. Ndi chilankhulo chamoyo, chili ndi zida zake zotsindikira: "maningi", "che", "manje-manje", "nine", "niwe". Ngwangwazi akamakoka "Materooo" pa siteshoni akuchita zomwe ankachita agogo anga ndi "ukooo". Mwina zaka zikubwerazi kumenya liwu kudzakhazikika m'Chinyanja cha mumzinda uno, n'kukhala chida chowonjezera. Achinyamata okhaokha akamacheza, zimenezo ndi zawo. Nkhawa yanga ili pamene wolankhula ndi womvera sanakulire khutu limodzi, ndipo nkhani yake ndi ya puloti, ya mankhwala, ya mlandu kapena ya chikhulupiriro. Pamenepo wina amachoka akuganiza kuti wanena, wina akuganiza kuti wamva, ndipo palibe amadziwa kuti pagwa kanthu. Liwu lachilendo munthu amafunsa tanthauzo lake. Kutsindika kwachilendo palibe amafunsa, chifukwa mawu onse ndi odziwika.

Kumene ndimakumva kwambiri ndi kutchalitchi. M'mipingo yambiri mu Lusaka mlaliki amalankhula Chingerezi, womasulira ali pambali ndi maikolofoni yake. Mlaliki akati "God did not FORGET you", womasulira wachinyamata amati "Mulungu sanakuIWALENI", akumenya pomwe wamenya mbusa, mpaka kutengera ndi kaponyedwe ka mkono. Amayi a pamabenchi akutsogolo amati ameni chifukwa cha phokoso. Tsiku lina womasulira wa masiku onse atadwala, anaimirira mayi wina wachikulire wa chigwirizano. Chiganizo ngati chomwecho chitabwera, iye anati, motsitsa, "Kuiwala sanakuiwaleni ayi." Anaima kaye. Tchalitchi chonse chinati phee, kudikira chimene Mulungu anachita m'malo moiwala, ndipo mlaliki atapitiriza, mawu ake anagwera pa nthaka yolimidwa kale. Mayiyo sanatsate mawu a mbusa limodzi ndi limodzi. Anamva pamene mbusa wakanikiza, n'kufuna chida chathu chogwira ntchito yomweyo.

Pa wailesi ndi chimodzimodzi. Uthenga wa malonda kapena wa zaumoyo umalembedwa m'Chingerezi, wina n'kuusandutsa Chinyanja liwu ndi liwu, malembo aakulu n'kutsala pomwe anali, ndipo wowerenga amawamenya mokhulupirika. "Imwani mapiritsi MUKATHA kudya." Mayi wa ku Chibolya amamva kuti amwe mapiritsi ndipo adye. Akanamuuza kuti "Yambani mwadya kaye, mapiritsi pambuyo", kapena "Osamwa musanadye ayi", sakanaphonya. Kukonza zimenezi sikufuna ndalama za boma. Kukufuna wolemba amene angafunse mwini uthenga kuti, pa mawu onsewa, mukufuna anthu agwire liti, kenaka n'kumanga chiganizo chatsopano pa liwulo.

Kukhoti ndiye kumandiopsa. Chilankhulo cha boma m'Zambia ndi Chingerezi, ndipo pamaso pa majisitireti zonena za mboni zimalembedwa m'Chingerezi. Wosachidziwa, pakamwa pake ndi womasulira. Woimbidwa mlandu akati "Kumenya ndinamumenya", womasulira wothamanga anena "I beat him", cholembera n'kulemba kuti wavomera. Koma munthuyo sanamalize. Wangotsegula chitseko cha "koma", mwina koma ndi iye anayamba, mwina koma sindinamubaye. "Ndinamuuzatu" akasanduka "I told him", chenjezo lija latayika. Kubwerera kwinaku nakonso n'chimodzimodzi: loya akafunsa "Did you SEE him take it?" akufuna kusiyanitsa kuona ndi kumva kwa ena, ndipo funsolo liyenera kufika kwa mboni ngati "Kodi munachita kumuona ndi maso, kapena munangomva?" Omasulira ambiri odziwa ntchito amachita izi mwa nzeru zawo zobadwa nazo. Ndikufuna kuti zikhale mbali ya maphunziro awo ndi mayeso awo, zisamadalire mwayi wa amene wagwera pa mlandu wako tsikulo.

Ana athu nawo akulipira mbali inayo. Mwana wa Chinyanja akamawerenga Chingerezi amapatsa phatikizo lililonse mphamvu yofanana n'kukoka pothera, monga chilankhulo chake chinamuphunzitsira. Mphunzitsi amati werenga mwaumoyo, mwanayo n'kungokweza mawu onse. Mwana wa mchemwali wanga anabwera kunyumba ali ndwii atauzidwa kusukulu kuti amawerenga ngati sakumva zimene akuwerenga. Ankamva bwino lomwe. Palibe anali atamuuzapo kuti Chingerezi chimakweza liwu lobweretsa zatsopano n'kuzilaza limene latchulidwa kale. Tinakhala pakhonde ndi chiganizo chimodzi, ine ndikufunsa mafunso osiyanasiyana m'Chinyanja, ndani anagula, anagula chiyani, anagula kapena anabwereka, iye akuyankha m'Chinyanja kaye kenaka m'Chingerezi. Atangoona kuti "ndi Amayi anagula" ndiye "MOTHER bought it", nkhope inamasuka. Sizinatenge ola. Akuluakulufe tinapeza kale njira yozembera vutoli pamsika: poti "fifteen" ndi "fifty" Mngerezi amazisiyanitsa kwambiri ndi pamene wakanikiza, ife timafunsa kuti "one five kapena five zero?" kuopa kulipira K50 pa chinthu cha K15. Ndi nzeru yabwino, koma pa intavyu ya ntchito palibe amakupatsa mpata wotero.

Mu 2014 boma linalamula kuti ana a giredi 1 mpaka 4 aziphunzitsidwa m'chilankhulo cha m'dera lawo, ndipo kuno chinali Chinyanja. Anthu anakangana kwambiri za chilankhulo choyenera m'kalasi, ndipo mkanganowo sunathe. Koma kaya mwana aphunzire m'Chinyanja kaya m'Chingerezi, tsiku lina adzayenera kuoloka kuchoka ku china kupita ku chinzake. M'mabuku amene ana a kwathu amabwera nawo kunyumba ndaonamo malembo, maphatikizo, miyambi ndi zilapi, koma sindinapezemo tsamba lofananitsa m'mene zilankhulo ziwirizi zimatsindikira. Makoleji a aphunzitsi ndiwo ayenera kuyamba, chifukwa mphunzitsi amene sanazimvepo sangaziphunzitse.

Ena amati mankhwala ake n'kuyamba kulemba zizindikiro za kamvekedwe pamwamba pa malembo. Ine sindikuvomereza. Kalembedwe kamene Unduna wa Zamaphunziro unavomereza kuno mu 1977 sikatikakamiza kutero, ku Malawi nakonso salemba, ndipo Buku Lopatulika lawerengedwa kuyambira 1922 popanda zizindikirozo, anthu osasokoneza mtengo wa m'munda wa Edeni ndi mtengo wa malonda. Nkhani yozungulira liwu imatiuza kamvekedwe kake. Komanso kamvekedwe ka ku Katete, ka ku Nkhotakota ndi ka ku Matero sikafanana m'zonse, ndiye tingalembe ka yani? Izi n'zophunzitsa ndi khutu ndi pakamwa. Chimene ndingapemphe olemba pa WhatsApp ndi pa Facebook n'chakuti asanasindikize malembo aakulu aganize kaye ngati "tu", "di" kapena "ndi" sangagwire bwino ntchitoyo. Akuluakulu a kumudzi anazindikira okha kuti zolemba zimataya kanthu, n'chifukwa chake amakonda kutumiza mawu ojambula.

Ngongole ya kaloba ija banja linasonkherana n'kubweza, puloti inapulumuka, ndipo msuweni wanga analonjeza kubwezera aliyense pang'onopang'ono. Pamisonkhano ya banja salankhulanso kwambiri. Akafuna kuuza azakhali ake kanthu amanditumizira mawu ojambula m'Chingerezi kuti ndikawafotokozere. Sabata yathayi anatumiza akuti, "Tell auntie I WILL send the money." Ndinawamvera kawiri, kufuna kudziwa ngati akulonjeza kapena akudandaula kuti tikumukayikira. Kenaka ndinaimbira mayi anga aang'ono ku Katete n'kuwauza kuti, "Amayi, akuti ndalama zija atumizadi, musade nkhawa." Iwo anati, "Watero? Chabwino. Umuuze kuti ulendo wina aimbe yekha, tidzamvana."